Eni Masitolo Aleke Kudya Mbeu Namayesa Phindu

M'makomboni a mu Lusaka, m'tauni ya Chipata, ku Katete, ku Petauke ndi m'midzi ya m'mbali mwa mseu waukulu wopita kum'mawa muli nyumba zambiri zimene pakhoma pake pakali dzina la sitolo lolembedwa ndi penti wofifia, koma zitseko zake zinatsekedwa kalekale, ndipo zina zinasanduka zipinda za lendi. Eni ake akafunsidwa cimene cinagwetsa malonda ao, mayankho ao sasiyana kwenikweni. Wina amati anamlodza, wina amati mnyamata wogulitsa anali kusolola m'bokosi la ndalama, wina amadandaula za acibale, ndipo wina amaloza kukwera kwa mitengo. Zina mwa zifukwa izi n'zoona ndithu. Koma pali funso limodzi limene ambiri a iwo amalephera kuyankha: kodi sitoloyo inayamba kudwala mwezi uti, ndipo pa mwezi umenewo katundu wa m'mashelefu anali wa ndalama zingati? Pamenepo munthu amangokanda kumutu, pakuti buku limene likadamuuza silinalembedwe konse.

Nkhani iyi si yocepa, cifukwa ndalama zimene zimatsegula masitolo otere nthawi zambiri ndizo thukuta la moyo wonse wa munthu. Mphunzitsi wopuma pa nchito, wa ku migodi wobwerera kwao ndi ndalama za penshoni, mai wamasiye amene wagulitsa ng'ombe zosiya mwamuna wake, onsewa amaika m'sitolo ndalama zimene sadzalandiranso kaciwiri. Zikatha, ana amacoka pa sukulu, ndipo nkhalamba imabwerera ku khasu pa msinkhu umene msana sulolanso kuwerama. Ambiri amaganiza kuti kulemba mabuku a malonda ndi mwambo wa makampani akuluakulu a mu Cairo Road. Koma amene afunikira mabuku koposa ndi wa kasitolo kakang'ono, popeza iye akataya alibe kwina kokatapa.

Mlimi aliyense amadziwa kusiyanitsa cimanga cakudya ndi cimanga ca mbeu. Ngakhale njala ivute motani, mai wanzeru sakhudza cimanga cimene anapacika ku tsindwi la khichini kuti utsi ucisunge, pakuti adziwa kuti kudya mbeu ndiko kudya zokolola za caka ca mawa. M'malonda mbeu ndiyo mpamba, ndiko kuti ndalama ndi katundu zimene mwini anayamba nazo, ndipo phindu ndilo lokha limene munthu angadye popanda kucepetsa munda wake. Vuto n'lakuti cimanga ca mbeu cimasungidwa pacokha, pamene m'bokosi la ndalama Kwacha ya mpamba ndi Kwacha ya phindu zili ndi nkhope imodzi. Madzulo bokosi likadzaza, mwini sitolo amakondwera nayesa kuti walemera, osadziwa kuti gawo lalikulu la ndalamazo ndi sopo, shuga ndi mcere wake yemwe, amene wangosintha maonekedwe. Cimene cingalekanitse ziwirizi ndi buku lokha.

Luso limeneli n'lakale zedi. Zina mwa zolemba zakale koposa pa dziko lapansi ndi mapale a dongo amene anafukulidwa mu mzinda wa Uruk, m'dziko limene lero ndi Iraq. Ali ndi zaka zoposa 5,000, ndipo ambiri a iwo ndi ziwerengero za mbeu, ziweto ndi cakudya ca anchito. Anthu anayamba kulemba pofuna kuwerengera katundu asanaganize zolemba nthano. Njira imene maiko onse akutsata masiku ano inakulira pakati pa amalonda a ku Italy, ndipo m'caka ca 1494, mu mzinda wa Venice, Luca Pacioli, mphunzitsi wa masamu amene analinso wa cipani ca Afransisko, anasindikiza buku lalikulu la masamu lochedwa Summa de arithmetica, m'mene anafotokoza njirayo mwatsatanetsatane. Iye sindiye anaiyambitsa ai; anangolemba bwino zimene amalonda anali kucita kale kwa zaka pafupifupi 200. Cofunika kuona n'cakuti anaika kuwerenga katundu patsogolo pa zonse: wamalonda ayambe walemba zonse zimene ali nazo ndi nkhongole zake zonse pa tsiku limodzi, asanalembe kanthu kena kalikonse.

Mfundo ya njira imeneyi ndi yapafupi. Cocitika ciliconse m'malonda cili ndi mbali ziwiri, kumene cinthu cacokera ndi kumene calowa. Munthu akaika K10,000 potsegula sitolo, ndalama za sitolo zakwera ndi K10,000, ndipo mpamba wa mwini walembedwa K10,000. Akapita ku Kamwala kukaoda katundu wa K6,000 nalipira pomwepo, katundu wakwera ndi K6,000 ndipo ndalama zatsika ndi K6,000. Munthuyo sanasauke, komanso sanalemere. Akatenganso katundu wa K2,000 pa nkhongole, mashelefu adzaza koposa, koma nkhongole nayo yabadwa. Tsopano sitolo ili ndi ndalama K4,000 ndi katundu wa K8,000, zonse pamodzi K12,000, ndipo pa K12,000 imeneyo K2,000 ndi ya wokongoza, K10,000 ndi ya mwini. Ici ndico cimake ca mabuku onse a malonda, a kasitolo ngakhale a mgodi wa mkuwa: zonse zimene bizinesi ili nazo zilingana ndi nkhongole zake kuonjezapo mpamba wa mwini wake.

M'buku lalikulu tsamba lililonse limagawidwa pakati. Mbali ya kumanzere akatswiri amaicha debit, ya kumanja credit, ndipo ciwerengero ciliconse cimalembedwa kawiri, kumanzere kwa tsamba lina ndi kumanja kwa tsamba linzake. Poonkhetsa, mbali ziwirizi ziyenera kulingana, ndipo zikasiyana ndiye kuti pena pali colakwa. Komabe kulingana kwake sikutsimikiza kuti zonse zili bwino, pakuti cinthu cimene sicinalembedwe konse sicisokoneza mbali iliyonse. Sikelo singaulule thumba limene silinaikidwepo.

Wa sitolo yaing'ono asaope mau awa. Mabuku atatu olembamo ana a sukulu ndi okwanira poyamba. Loyamba likhale la ndalama zolowa ndi zotuluka tsiku ndi tsiku. Laciwiri likhale la katundu, mtundu uliwonse tsamba lake, losonyeza tsiku looda, kuculuka kwake, mtengo wake ndi zimene zatuluka. Lacitatu likhale la nkhongole, za anthu okongola ku sitolo ndi za sitolo kwa ena. Malisiti onse abayidwe pa waya umodzi, ndipo zolemba zilembedwe tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, cifukwa mutu umene wagona usiku umodzi umakumbukira zimene ufuna.

Cimene cimavuta anthu ambiri si masamu. Cimavuta ndi kuvomereza kuti sitolo ndi mwini wake ndi anthu awiri osiyana. Mai wa pa nyumba akatenga botolo la mafuta ophikira pa shelefu, mwana akatenga mabisiketi popita ku sukulu, bambo akatapa K50 m'bokosi popita kukaona anzake, palibe amene amayesa zimenezi kanthu, poti sitolo ndi yao. Ndi yao indedi, ndipo palibe woletsa. Koma ciliconse cotengedwa ndi mwini cimacepetsa mpamba wake, ndipo ciyenera kulembedwa pa tsamba lake lake. Ndiye pali acibale. Maliro akagwa m'mudzi maso onse amayang'ana kwa mwini sitolo, ndipo ufa, shuga, makandulo ndi nsalu zimatuluka osawerengedwa. Apongozi akabwera kudzapempha mcere ndi sopo, ndi mkamwini uti angatulutse buku pamaso pao? Ena amati kulemba zotere ndi mwano, ndi kusandutsa cibale malonda. Mau amenewa sayenera kunyozedwa, pakuti kuthandizana pa mavuto ndi cuma ca mtundu cimene palibe banki ingacilowe m'malo. Koma buku sililetsa kupatsa. Limangouza wopatsayo kuti mwezi uno wapereka zingati, kuti apereke ndi maso otsegula, ndi kuti mwezi wa mawa akhalebe ndi copereka. Angathe kulemba alendo atapita, ndipo asalembe ngati nkhongole cinthu cimene adziwa mumtima kuti sicidzabwezedwa; acilembe monga cotenga mwini. Akulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo masitolo ambiri anafa imfa yomweyo.

Koma ngakhale munthu wolemba zonsezi mokhulupirika angathe kudya mbeu, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yaikulu. Phindu limapezeka pocotsa mtengo wogulira pa mtengo wogulitsira. Izi n'zosavuta pamene mtengo wogulira uli umodzi. Nanga ngati katundu wa mtundu umodzi anaodedwa pa mitengo iwiri, nasanjikidwa pa mulu umodzi? Owerenga aganizire citsanzo ici. Wamalonda waoda matumba 10 a ufa kuciyambi kwa mwezi pa K200 thumba limodzi. Pakati pa mwezi mtengo wakwera, ndipo waodanso matumba 10 pa K260. Tsopano ali ndi matumba 20 amene amdyera K4,600. Pofika kumapeto kwa mwezi wagulitsa matumba 12 pa K300 lililonse, nalandira K3,600, ndipo matumba 8 atsala. Kodi wapindula zingati?

Mayankho alipo atatu, ndipo onse ndi masamu oona. Njira yoyamba imati coyamba kulowa ndico coyamba kutuluka, ndipo m'mabuku a Cingelezi amaifupikitsa kuti FIFO. Mwa njira iyi matumba 12 ogulitsidwa ndi aja 10 a K200 ndi 2 a K260, amene pamodzi anamdyera K2,520. Phindu ndi K1,080, ndipo matumba 8 otsala alembedwa pa K260 lililonse, ndiyo K2,080. Njira yaciwiri imasakaniza mitengo yonse ndi kupeza wa pakati: K4,600 kugawa ndi matumba 20 ndi K230 thumba limodzi. Matumba 12 amdyera K2,760, phindu latsika kufika pa K840, ndipo otsala ndi a K1,840. Njira yacitatu, yochedwa LIFO, imati comaliza kulowa ndico coyamba kutuluka. Matumba ogulitsidwa ndi 10 a K260 ndi 2 a K200, ndiyo K3,000. Phindu ndi K600 cabe, ndipo otsala alembedwa K1,600.

Matumba ndi omwewo, ogula ndi omwewo, ndipo m'bokosi muli K3,600 yomweyo, koma phindu lasintha kucokera pa K1,080 kufika pa K600. Palibe matsenga apa. K4,600 ija iyenera kugawidwa pawiri, gawo la matumba opita ndi gawo la matumba otsala, ndipo njira zitatuzi zimangodula pa malo osiyana. Cimene njira ina yaonjeza pa phindu la mwezi uno idzacicotsa pa phindu la miyezi ya m'tsogolo, ndipo tsiku limene thumba lomaliza lidzagulitsidwa zonse zidzafika pamodzi. Cifukwa cake munthu asankhe njira imodzi ndi kuigwiritsitsa caka ndi caka. Wosinthasintha njira pofuna kukometsa ziwerengero angathe kunamiza banki kamodzi, koma amadzinamiza yekha mwezi uliwonse.

Tsono pali ciwerengero cacinai cimene sicioneka m'njira zitatu zija, ndipo ndico cimapha masitolo. Lolemba m'mawa wamalonda uja abwerera kukaoda, napeza kuti thumba lafika pa K280. Kuti abwezere matumba 12 amene anagulitsa afunika K3,360, ndipo pa K3,600 imene analandira patsala K240 yokha. Ngati anakhulupirira buku lake la FIFO nadya K1,080 yonse, m'thumba mwake mwatsala K2,520, ndipo ndalama imeneyo pa K280 igula matumba 9. Anagulitsa 12, wabwezera 9. Matumba 3 apita, osabedwa, osadyedwa ndi makoswe, ndipo buku likunenabe kuti mwezi unali wabwino. Akacita comweco miyezi ingapo, mulu wa ufa umene unali kufika ku denga udzafika m'maondo, iye ali cidabwire kuti mfiti ndani.

Anthu acikulire m'dziko lino anaona zimenezi ndi maso ao. Kwacha inayamba kugwira nchito mu Januwale 1968, makwacha awiri kulingana ndi paundi imodzi. Mu Epulo caka comweco, ku Mulungushi, Pulezidenti Kenneth Kaunda analengeza kusintha kwa cuma kumene, mwa zina, kunasungira nzika za Zambia malonda a masitolo kunja kwa pakati pa mizinda ikuluikulu, ndipo anthu ambiri anaima kuseri kwa kauntala kwa nthawi yoyamba. Pa nthawi imene mitengo inali kukwera pang'onopang'ono, munthu anali kutha kuika phindu lake pamwamba pa mtengo wogulira nakhala bwino. Koma mu Okutobala 1985 Boma linayamba kugulitsa ndalama zakunja pa okushoni sabata ndi sabata. Dola imene inali kugulidwa ndi makwacha awiri ndi mangwee ocepa inapitirira makwacha 10 caka ca 1986 cisanathe, ndipo okushoniyo inaimitsidwa mu Meyi 1987. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990 mitengo inali kukwera ndi maperesenti oposa 100 pa caka. M'nyengo yotere bulangeti loodedwa pa K100 mu Januwale ndi kugulitsidwa pa K125 mu Disembala linali kuoneka ngati labweretsa phindu la K25, pamene linzake lolowa m'malo linali litafika pa K200. Bokosi la ndalama linali kudzaza koposa kale lonse, mashelefu namapita kumphepo. Pamene mazilo atatu anacotsedwa pa Kwacha pa 1 Januwale 2013, K1,000 nisanduka K1, dziko linali kungovomereza pa pepala ulendo umene mitengo inayenda m'zaka zimenezo. Ndipo amene anagulitsa ufa m'caka ca cilala ca 2024 adziwa kuti phunziro ili silinakalambe.

Wina angafunse kuti, ngati ndi tero, bwanji onse osatsata LIFO, imene imayandikira mtengo watsopano? Ku America makampani amaloledwa kuitsata, ndipo ambiri amaikonda cifukwa mitengo ikamakwera imacepetsa phindu lolembedwa, ndi msonkho womwe. Koma lamulo la maiko ambiri la kawerengedwe ka katundu, lochedwa IAS 2, linaletsa njira imeneyi kuyambira caka ca 2005, nilisiya FIFO ndi mtengo wa pakati. Cifukwa cimodzi n'cakuti LIFO imasiya katundu wotsala pa mitengo yakalekale, mwakuti patapita zaka buku limachula ciwerengero cosagwirizana konse ndi zimene zili m'nyumba ya katundu. Makampani a m'Zambia amatsata malamulo a maiko ambiriwa, moyang'aniridwa ndi bungwe la akauntanti la ZICA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo la 1982. Kwa wa golosale nzeru yabwino ndi iyi: pa shelefu agulitse katundu wakale poyamba kuti asaonongeke, m'buku atsate FIFO kapena mtengo wa pakati, koma poika mtengo wogulitsira, ndi poganiza ndalama zopita nazo ku nyumba, ayang'ane mtengo umene adzaodera mawa.

Apa ogula adzakwiya, ndipo mkwiyo wao uli ndi maziko. Adzati, thumba ili munaoda mwezi watha pa mtengo wakale, nanga mwakwezeranji? Alipodi amalonda adyera amene amabisa katundu kuseri podikira kuti asowe, ndi ena amene amakweza mitengo pongomva mphekesera, koma dola ikatsika makutu ao amagontha. Otere ayenera kudzudzulidwa poyera. Koma munthu amene akweza mtengo molingana ndi mtengo woodera, kuti mawa athe kubwezera thumba pa malo a thumba, sanabe ca munthu. Akapanda kutero mudzi udzagula mochipa miyezi itatu, ndipo mwezi wacinai udzayenda makilomita 20 kukafuna mcere. Cimene cingasiyanitse wadyera ndi woona mtima ndi malisiti a pa waya paja, ndipo woona mtima sayenera kuopa kuwaonetsa.

Lamulo lomwelo la IAS 2 lili ndi mfundo zina ziwiri zothandiza ngakhale wa kasitolo. Yoyamba ndi yakuti mtengo wa katundu ndi zonse zimene zalipidwa kufikira katunduyo atafika pa malo ogulitsira. Thumba loodedwa mu Lusaka likafika ku Lundazi lakwera basi kapena lole, ndipo lanyamulidwa pa wilibala. Ndalama zonsezo zili m'thumbamo, ndipo woziiwala amagulitsa motaya ali kumwetulira. Yaciwiri ndi yakuti katundu alembedwe pa mtengo wogulira kapena pa ndalama zimene angabweretse akagulitsidwa, potengera cimene cili cocepa pa ziwirizi. Mitengo simangokwera ai. Nthawi yokolola ikafika mtengo wa cimanga umagwa, ndipo wosunga matumba a mtengo wa m'dzinja wataya kale, ngakhale asanagulitse. Comweco ndi zakudya za m'zitini zopitirira masiku ake, simenti yogwira cinyezi ndi nsalu zofifia ndi dzuwa pa windo. Kuzilemba pa mtengo wakale ndiko kuwerenga ng'ombe yakufa pamodzi ndi zamoyo.

Zonsezi zimatsamira pa nchito imodzi yotopetsa imene ambiri amaizemba, ndiyo kutseka citseko kamodzi pa mwezi ndi kuwerenga katundu yense, botolo ndi botolo. Katundu amene analipo kuciyambi kwa mwezi, kuonjezapo woodedwa m'mwezimo, kucotsapo wotsala kumapeto, ndiye katundu amene watuluka. Ciwerengero ici cikayerekezedwa ndi zogulitsa zolembedwa, mpata uliwonse umaonekera: buku likuti patsale mipiringidzo ya sopo 40, pa shelefu pali 34, ndipo 6 iyenera kufunsidwa mwezi womwewo zinthu zikali m'mitu ya anthu. Kuwerenga kumeneku kumagwira wakuba, koma kumapulumutsanso wosalakwa. Anyamata ndi atsikana ambiri ogulitsa m'masitolo, kawirikawiri ana a acibale ocokera ku mudzi, anapitikitsidwa ndi dzina la umbava cifukwa ca katundu amene anadyedwa pa nyumba ya mwini sitolo yemwe, kapena amene anamezedwa ndi kukwera kwa mitengo. Dzina lotere limamtsata mwana mpaka ku ukwati.

Ena amaloza amai a pa msika wa Soweto amene asunga mabanja zaka zambiri popanda colembera, nati mabuku ndi a nchito yanji. N'zoona kuti mai wogulitsa matimati, amene amaoda m'bandakuca ndi kutsiriza madzulo, amawerenga mabuku ake m'mutu mwaluso loposa la makalaliki ena, popeza katundu wake ndi wa mtundu umodzi ndipo sagona. Iye amadziwanso bwino lomwe kupatula ndalama ya oda ya mawa asanagule ndiwo za ana, ndipo pa ici eni masitolo akadaphunzira kwa iye. Koma katundu akafika mitundu 100, wina wokhala miyezi itatu pa shelefu, ndi okongola 30, palibe mutu ungazisunge zonse. Enanso amati foni imasunga zonse masiku ano. Foni imasonyeza ndalama zolowa ndi zotuluka, koma sidziwa za botolo la mafuta limene lapita ku khichini.

Mantha enieni a ambiri ndi msonkho. Amaganiza kuti wosalemba saoneka. Koma bungwe lotolera msonkho la ZRA, limene linayamba nchito m'caka ca 1994, lili ndi mphamvu yoyerekeza lokha msonkho wa munthu wopanda mabuku, ndipo wopanda mabuku alibe cotsutsira. Lamulo limafuna kuti zolemba za malonda zisungidwe zaka 6. Ndiponso msonkho wa amalonda ang'onoang'ono umawerengedwa pa ndalama zonse zogulitsa, phindu likhalepo kapena ai. Msonkho wa wamalonda wa matumba uja udzawerengedwa poyang'ana K3,600 ija, pamene cotsala cake ceniceni cinali K240. Munthu wosadziwa kusiyana kwa ziwerengero ziwirizi sangaike mtengo woyenera pa katundu wake.

Udindo suli pa eni masitolo okha. Mu Januwale 1965, pa msonkhano wa ku Chifubu mu Ndola, Pulezidenti Kaunda anapempha anthu kuti apange makopaletivu, ndipo anapangidwa ambirimbiri m'nthawi yocepa. Oculuka a iwo anagwa zaka zowerengeka zisanathe. Zifukwa zinali zingapo, koma cimodzi cinali cakuti ndalama zinafika msanga kuposa maphunziro a kasungidwe kake. Kuyambira caka ca 2022, pamene thumba la citukuko la CDF linakwezedwa kucokera pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, gawo la ndalamazo lapita ku makalabu a amai, a acinyamata ndi ku makopaletivu. Kungakhale kulakwa kwakukulu kubwereza colakwa ca 1965 ndi ndalama zoculuka koposa. Makonsolo ndi alangizi a makopaletivu ayenera kuona kuti palibe gulu lilandira ndalama msungicuma wake asanaphunzire mabuku atatu aja, ndipo maphunzirowo acitike m'Cinyanja, m'Cibemba, m'Citonga ndi m'zinenero zina zimene anthu amagulitsiramo malonda ao. Ana a ku sekondale amene amaphunzira za maakaunti atumidwe kukayesa luso lao pa golosale ya makolo ao pa nthawi ya chuthi, m'malo mowerengera makampani ongopeka a m'mabuku.

Mayeso a msungicuma asakhale aatali. Apatsidwe nkhani ya matumba 20 ija, afunsidwe phindu la mweziwo, ndipo akayankha kuti K1,080, kapena K840, afunsidwenso kuti Lolemba m'mawa, thumba lili pa K280, adzabwera ndi matumba angati.